Azakhali, foni yanu ili bwinobwino

Eee azakhali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa kabaza kuchokera ku Luwinga, ndiye mvula ya kuno mukuidziwa. Funso lanu lija ndalimva, loti chithunzi cha chinkhoswe chija pa Facebook chikuonetsa ma like 43 pafoni panu, pomwe pafoni ya abambo kunyumbako ndi 47. Ayi, foni siinawonongeke, ndipo palibe wakuberani akaunti.

Tiyerekeze chonchi. Mwini okala wa ku Chibavi sathamangira ku holoselo m'tauni munthu aliyense akafuna shuga. Amapikula kamodzi n'kuika pashelefu. Facebook nayo ndi chimodzimodzi. Zonse zenizeni zimakhala mu database, nkhokwe yaikulu ya pakompyuta yomwe ili ngati holoselo ija, iwo amagwiritsa ntchito yotchedwa MySQL, koma atati anthu mabiliyoni azifunsa komweko nthawi iliyonse akatsegula foni, makina angaleme mpaka kuima. Ndiye zofunsidwa pafupipafupi amaziika pafupi, mu memory yofulumira ya makina awo, malo omwe timati cache, ndiye shelefu ija. Mu 2013 anafotokoza poyera za dongosolo lawo lotchedwa TAO, losunga zoti uyu ndi mnzake wa ndani, wapanga like chiyani.

Tsono vuto ndi ili: mtengo ukakwera ku holoselo, okala ina imamva lero, ina mawa. Mashelefuwo ndi ambirimbiri, ndipo foni nayonso imasungako zake. Yanu yafunsa shelefu ina, ya abambo ina. Ndipo a Facebook anachita kusankha dala, azakhali, kuti chithunzi chitseguke msanga ngakhale nambala itsalireko pang'ono. Ma like anayi akachedwa palibe angagone ndi njala. Koma ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money simungazisunge mwa njira imeneyo, pamenepo bola munthu adikire koma nambala ikhale yolondola.

Pomwe pamavuta kwenikweni ndi pa anthu otchuka. Inu mukaponya chithunzi, kuchiikiratu pashelefu ya mnzanu aliyense n'kosavuta. Nanga Cristiano Ronaldo, yemwe ali ndi omutsatira oposa 600 miliyoni pa Instagram? Kwa oterowo opanga makinawa amakonda kusunga chithunzicho malo amodzi, aliyense azichitenga akatsegula.

Ndiye ingokokerani sikirini pansi ndi chala, mwachiona chozungulira chija? Mudikire pang'ono, manambala afanana. Apatseni moni abambo, muwauze asanyade ndi 47 yawoyo.