Ana adya chiyani ku Munich?

Achemwali, mwafunsa ngati ana anu, ozolowera nsima, angakhute pa lesitilanti yodzigawira wekha chakudya mukapita kutchuthi ku Munich, mzinda wa ku Germany. Akhuta ndithu, bola musadzaze mbale ulendo woyamba.

Ana ayambe ndi Schnitzel, nyama yopyapyala yokazinga itakutidwa ndi nyenyeswa za buledi, komanso Spätzle, tizidutswa tofewa ta ufa wa tirigu ndi mazira. Izi sizivuta. Sauerkraut ndi kabichi wosasa, ndiye tapani kasupuni kamodzi kaye. Ena amamukonda, ine ayi. Soseji yoyera ya Weisswurst mwamwambo imadyedwa dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo khungu lake amasenda, sadya.

Chomwe muyenera kusamala kwambiri ndi nkhumba. Imapezeka paliponse, ngakhale mu soseji zambiri. Ngati pakhomo panu simudya, funsani operekera zakudya ndipo pewani chilichonse cholembedwa Schwein. Mukaona nyama yogaya yofiirira itapakidwa pa buledi ndi anyezi pamwamba, ameneyo ndi Mett, nkhumba yosaphika. Ana asalaweko.

Zakumwa nthawi zambiri amalipiritsa padera, ndipo mukangoti madzi akhoza kukubweretserani a gasi, choncho nenani kuti stilles Wasser.