Amayi anachira, nanga matendawa abwereranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Domué, ku Mozambique. Ndaifupikitsa: "Amayi anga anadwala matenda okhumudwa bambo athu atamwalira. Samadya, samagona, amangolira. Kuchipatala ku Ulongué anawapatsa amitriptyline. Patatha miyezi itatu anayambanso kupita kudimba, ife n'kusiya kukatenga mankhwala. Pano abwereranso pamphasa. Amalume akuti ndi za anthu. Kodi azimwa mankhwala moyo wawo wonse?"

Achemwali, pepani ndi zimenezi. Choyamba, musadziimbe mlandu. Munthu akadzuka n'kugwira khasu, aliyense amati basi wachira, ndipo ndalama ya chapa (minibasi) yopitira ku Ulongué mwezi ndi mwezi siitoledwa pansi.

Koma matendawa ali ndi khalidwe lake. Mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine amatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo akayamba kupeza bwino m'pamene ntchito yafika pakati. Malangizo a bungwe la WHO amati munthu apitirize kumwa miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha. Amayi anu anasiyira panjira. Zili ngati kusasula chikuku cha nkhokwe mu Febuluwale chifukwa dzuwa lawala masiku atatu.

Ngakhale amene amaliza bwinobwino, pafupifupi theka la anthu amene anadwalapo kamodzi amadzadwalanso nthawi ina, ndipo amene adwala kawiri kapena katatu ndiwo amabwereza kwambiri. Ndiye pa funso lanu lija: ambiri samwa moyo wonse ayi. Ena, amene matenda amawabwerera pafupipafupi, amamwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, monga amachitira odwala BP. Wogamula ndi wachipatala amene akuwaona, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru ndi kusowa tulo.

Bwererani nawo kuchipatala mwezi uno, mukafunse técnico de psiquiatria, wachipatala wophunzitsidwa za matenda a maganizo. Dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa akatswiri amenewa mu 1996 poona kuti madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri, ndipo ndiwo amagwira ntchito imeneyi m'maboma. Simufunika ulendo wa kuchipatala chachikulu cha matenda a maganizo cha Infulene ku Maputo. Técnico ameneyo mukamuuze zonse: anamwa miyezi ingati, anasiya liti, komanso ngati ali ndi vuto la mtima kapena BP, chifukwa amitriptyline sayanjana ndi mtima wodwala ndipo amavuta kwa okalamba. Amayi akamadandaula kuuma m'kamwa, kudzimbidwa kapena tulo ta masana, musawasiyitse nokha. Kanenedwe, mankhwala atha kusinthidwa.

Za amalume sindikuuzani kuti mukakangane nawo. Ndi mwinimbumba, ndipo mukawakankhira kunja mudzasenza nokha. Apempheni akuperekezeni kuchipatala akamve okha. Mapemphero apitirire, azimayi a kumpingo azibwera. Chimene ndimakana ine ndi chimodzi: wina aliyense, kaya sing'anga kaya mlaliki, kuwauza kuti ataye mapiritsi.

Mankhwala okha sakwanira, ndipo apa ndi pamene ndimafuna mukhalitsepo. Azakhali anga anabwerako kothawa nkhondo ku Dedza mtendere wa 1992 utabwera, koma kwa zaka zambiri chikafika chilimwe amangokhala chete pakhonde, maso kuphiri. Tinkati amaganiza kwambiri. Palibe anadziwa kuti ndi matenda, ineyo ndazindikira ndili wamkulu, iwo atapita kale, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Chimene chinkawadzutsa chinali mnzawo wina amene ankabwera m'mawa uliwonse ndi lichero la nyemba n'kunena kuti tiyeni tisankhe. Samawafunsa zambiri. Akatswiri a maganizo amaphunzitsa zomwezo: munthu wokhumudwa asadikire kuti mtima ufune, ayambe ndi kantchito kakang'ono, mtima umatsatira pambuyo. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi n'kumamvetsera anthu, kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti njirayi imathandizadi. Amayi anu apezereni munthu wotero, wosaulula zakukhosi kwa mnzake pachitsime.

Inu phunzirani mmene matendawa amayambira mwa iwowo, poti aliyense ali ndi kayambidwe kake. Ena amadzuka tambala asanalire n'kulephera kugonanso. Ena amasiya kusamba, ena amadandaula mutu ndi kuthamanga kwa mtima, ena amayamba kachasu. Samalani kwambiri mwezi umene bambo anamwalira, ndi nyengo ya njala ufa ukatha m'nyumba.

Mukamva mawu ngati "bola ndingotsatira bambo anu", musawadzudzule, ndiponso musanamizire kuti simunamve. Afunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Akavomera, asakhale okha, ndipo tsiku lomwelo pitani nawo kuchipatala chapafupi. Mankhwala opopera tomato ndi mbatata achoke m'nyumbamo. Amitriptyline nayenso ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi, choncho paketi muzisunga inuyo, kutali ndi ana, n'kumawapatsa a tsiku limenelo madzulo akamakagona.

Mukabwerako ku Ulongué mundilembere, ndimve zimene técnico wanena.