Ping ikudutsa, koma fayilo ikukakamira panjira

Funso: Achimwene, ndinalumikiza ofesi yathu ya ku Limbe ndi sitolo ya ku Mzuzu ndi GRE tunnel (njira yolumikizira ma netiweki awiri kudzera pa intaneti) pa ma router awiri a kampani ya MikroTik. Ping, kauthenga koyesera ngati mbali inayo ikuyankha, ikuyenda bwinobwino, koma fayilo ikakhala yaikulu imangoima. Ndalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Limbe.

Yankho: Bambo, musataye mtima, vutoli linandigoneka kunja inenso mpaka usiku, laputopu ili pamiyendo.

Uthenga umayenda pa netiweki m'zidutswa zotchedwa mapaketi. GRE imatenga paketi yanu yonse n'kuilowetsa mu paketi ina, ngati kalata yoikidwa mu envulopu yachiwiri. Envulopuyo imadya malo: ma byte (muyeso wa kukula kwa uthenga) 20 a IP yakunja, yomwe ili ngati adiresi ya pa envulopuyo, ndi 4 a GRE. Ethernet, netiweki ya pa waya, imanyamula ma byte 1500 pa paketi imodzi, ndiye inu mumatsala ndi 1476. Ping ndi kakang'ono, kamadutsa mosavuta. Fayilo imadzaza paketi mpaka pakamwa, ndipo ngati firewall, mlonda wa netiweki, yatseka uthenga wochenjeza (wa ICMP) wonena kuti paketiyo yakula, paketiyo imatayika mwakachetechete.

Ikani MTU (malire a kukula kwa paketi) ya tunnel pa 1476 mbali zonse ziwiri, ndipo MSS ya TCP (malire a katundu weniweni wa mu paketi) ikhale 1436. Ngati intaneti yanu imadzera pa PPPoE, njira yomwe makampani ena a intaneti amalumikizira makasitomala, chotsaninso 8 pa nambala zonsezi.

China chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti GRE, yomwe ndi protocol 47, siibisa kanthu. Ma invoice anu akuyenda poyera kuchokera ku Limbe mpaka ku Mzuzu. Chonde onjezerani IPsec, yomwe imabisa uthenga, ndipo MTU muitsitsenso, monga pa 1400, chifukwa nayonso imadya malo ake.