Image yanu yanenepa chifukwa cha mmene mwasanjira mizere mu Dockerfile

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake image ya Docker (phukusi la pulogalamu ndi zonse zofunika kuti iyende) ya pulogalamu yanu ya Node.js yapitirira 1 GB pomwe code yake ndi yochepa, komanso chifukwa chake npm install, lamulo lotsitsira ma package, imayambiranso ndi kukudyerani bandulo mukangosintha mzere umodzi. Ndaiwerenga Dockerfile mwaikayo, fayilo ya malangizo omangira image, ndipo mavuto onse awiri akuchokera mmenemo.

Image imamangidwa mosanjikiza. RUN kapena COPY iliyonse imasiya layer yake, ndipo layer ikatsekedwa siisinthikanso. Inu mwalemba RUN apt-get install pamwamba, kenako RUN rm -rf pamzere wina pansi. Kufufuta kumeneko sikuchepetsa kanthu, mafayilo aja akadali mu layer yoyamba ija, angobisika. Kuika ndi kufufuta zichitike mu RUN imodzi, molumikiza ndi &&. Pa apt-get install onjezani --no-install-recommends, ndipo mumalize ndi rm -rf /var/lib/apt/lists/*. Mukalemba docker history ndi dzina la image yanu mudzionera nokha layer yomwe yalemera.

Za bandulo ndi zomwe zandikhudza kwambiri, chifukwa nanenso zinandipweteka ndisanazimvetse. Docker imatenganso layer yakale ngati zomwe zinaipanga sizinasinthe, koma imodzi ikasintha, zonse zobwera pambuyo pake zimamangidwa mwatsopano. Inu mwaika COPY . . patsogolo pa npm install, ndiye mukangokhudza fayilo iliyonse, ngakhale README, ma package onse amatsitsidwanso pa intaneti. Yambani ndi kukopera package.json ndi package-lock.json zokha, kenako npm ci (yomwe imatsitsa ma package ndendende monga alembedwera mu package-lock.json), code yonse ibwere pomaliza. Mukatero kutsitsa kudzachitika pokhapokha mwasintha ma dependency. Musaiwale fayilo ya .dockerignore, yolembamo zomwe COPY izisiye, monga node_modules ndi .git.

Kulemera kwina kuli pa mzere woyamba weniweniwo. Image ya node:20 payokha ndi pafupifupi 1 GB chifukwa ndi Debian yonyamula ma compiler ndi zida zambiri zomangira. Zidazo zimafunika pomanga, pa seva zilibe ntchito. Kuyambira Docker 17.05 ya mu 2017 mutha kulemba FROM kawiri mufayilo imodzi: mangirani pa node:20, kenako yambani gawo lachiwiri pa node:20-slim, yomwe ndi yopepuka chifukwa ilibe zida zija, mutengeko zomalizidwa zokha ndi COPY --from.

Ena akuuzani kuti mungosamukira ku image ya Alpine Linux. Ndi yaing'ono zedi, koma imagwiritsa ntchito library ya C yotchedwa musl m'malo mwa glibc ya mu Debian, ndipo ma package ena okhala ndi code ya C amavuta pamenepo. Ine ndingayambe ndi slim.

Ngati pa seva yanu simukufuna daemon ya Docker (pulogalamu yoyenda kuseri nthawi zonse) yoyenda ngati root, yesani Buildah, chida china chomangira image, chomwe chinayambitsidwa ndi kampani ya Red Hat. Lamulo la buildah build limawerenga Dockerfile yomweyo, ndipo image yotulukayo ndi ya muyezo wa OCI (Open Container Initiative), choncho Docker ndi Podman, chida china choyendetsera ma image, zonse zimailandira. Koma dziwani kuti Buildah siikonza mizere yosanjidwa molakwika, konzani kaye fayiloyo.

Ndipo ngati anzanu akuofesi akufuna image yomweyo, asatsitse aliyense payekha. Lembani docker save -o pulogalamu.tar ndi dzina la image, muike fayiloyo pa flash, iwo akangolemba docker load -i pulogalamu.tar basi.