Yankho kwa azakhali pa za apilo ya mlandu wakupha

Eee, azakhali, uthenga wanu uja ndaumva. Mwafunsa kuti munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha n'kuchita apilo, kodi mboni zimaitanidwanso kudzanena kachiwiri? Ndati ndiyankhe pakamwa, kulemba kungatalike.

Kawirikawiri ayi, saziitananso, ndipo apa ndi pamene achibale ambiri amakhumudwira. Majaji a apilo amakhala pansi ndi zolembedwa za mlandu woyamba uja, mawu a mboni iliyonse ndi chigamulo, kenako amamvetsera maloya a mbali zonse ziwiri. Ndiye loya akangoti mboni ija inanama, iwo amati woweruza woyamba ndi amene anaiona ndi maso ikuzemba mafunso kapena ikuyankha mosajejema, ife tili ndi mapepala okha. Satsutsa msanga zimenezo, pokhapokha mapepalawo akusonyeza poyera kuti mawu a mboniyo akutsutsana okha.

Funso lawo lalikulu limakhala lakuti, kodi boma linatsimikiza mlanduwu mosasiya chikaiko chomveka? Katundu ameneyo ndi wa boma, woimbidwa mlandu safunika kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Ku England mu 1935 kunali mlandu wa Woolmington, bambo amene anawombera mkazi wake n'kunena kuti mfuti inalira mwangozi. Woweruza anauza gulu la anthu wamba osankhidwa kugamula mlanduwo kuti bamboyo ndiye asonyeze kuti inalidi ngozi. House of Lords, khoti lalikulu kwambiri kumeneko nthawi imeneyo, inati kumeneko n'kulakwitsa lamulo, ndipo chigamulo chinafafanizidwa. Mayiko ambiri otsatira malamulo ochokera ku England akugwirabe mfundo imeneyi.

Koma pamene ine mtima umandiwawa, azakhali, ndi pa mboni yonena kuti "ndinamuona". Munthu akhoza kulumbira ndi mtima woona, osanama ngakhale pang'ono, koma n'kukhala kuti anafanizira nkhope. Ndipo poti iye akukhulupirira zomwe akunena, aliyense m'khoti amakopeka naye. N'chifukwa chake mu 1976, pa mlandu wa Turnbull, khoti la apilo la ku England linati umboni wotere uzisamalidwa kwambiri. Anamuona nthawi yaitali bwanji? Anali patali motani? Kunali kuwala kapena mdima? Ankamudziwa kale? Panapita masiku angati asanakamuloze kupolisi? Ngati mlandu wonse unatsamira pa kuona kwa kamphindi usiku, woweruza osachenjeza za ngoziyi, apilo imakhala ndi mphamvu.

Pamene palibe amene anaona, koma pali magazi pa chovala, mkangano wa dzulo lake, kuthawa, umboni umenewo amaulandira ndithu. Kungoti zonsezo pamodzi ziloze munthu mmodzi, pasatsale kafotokozedwe kena komveka.

Umboni watsopano amaulola mwa apo ndi apo, ndipo pamafunika chifukwa chomveka chimene sunabwerere poyamba. Mayi wina wa ku England, Sally Clark, anaikidwa m'ndende mu 1999 khoti litagamula kuti anapha ana ake awiri. Apilo yoyamba inakanika. Pambuyo pake kunapezeka kuti dokotala wopima mtembo sanaulule zotsatira zosonyeza kuti mwana mmodzi anali ndi tizilombo toyambitsa matenda m'thupi. Mu 2003 khoti linamumasula, atakhala kale m'ndende zaka zoposa zitatu, ali pa chisoni cha ana ake omwe.

Musaiwale kuti si cholakwika chilichonse chimene chimagwetsa chigamulo. Ngati n'chaching'ono ndipo umboni wotsalawo ndi wolimba, apilo amaikana. Akaona kuti chigamulo sichodalirika, akhoza kumasula munthuyo kapena kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Nthawi zina amapeza kuti anaphadi koma cholinga chopha sichinatsimikizike, ndiye amausintha kukhala mlandu wopha mosakonzekera, chilango n'kuchepa. Ngati pena sindinamveke bwino mundifunsenso, azakhali, ndilipo.