Chiuno chake chiti, achimwene?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mufakose kuno ku Harare, woyendetsa kombi (minibasi), amene makolo ake anachokera ku Dedza. Akuti: "Chiuno chandizunza mwezi wathunthu. Ululu umayambira m'thako la kumanzere n'kutsika kuseri kwa ntchafu, nthawi zina mpaka m'katumba, ndipo mwendo umachita dzanzi. Anzanga ampira akuti ndi hamstring, azakhali akuti ndi nyamakazi. Kodi m'menemu muli chiyani kwenikweni?"

Achimwene, pepani ndi ululuwo. Koma ndiyambe ndakudandaulirani za mawu akuti chiuno. Ife tikati chiuno timatanthauza pomanga lamba, kumunsi kwa msana, m'mbali, ngakhale m'matako pamene tikuchita manyazi kutchula. M'Chishona namonso mawu ndi omwewo, ndiye kuno ku Harare mukauza anesi kuti chiuno, simunawauze kanthu. Lozani ndi chala chimodzi. Pomwe chalacho chagwera ndi pomwe nkhani imayambira.

Tsiku lina mukamadya ntchafu ya nkhuku, musafulumire kutaya fupa. Onani kumutu kwake: kuli kampira koyera, kosalala, koterera. Ifenso tili chimodzimodzi. Fupa la ntchafu, lomwe ndi lalitali ndiponso lolimba kuposa onse m'thupi, lili ndi mutu wobulungira umene umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno, ngati munsi mu mtondo. Pamenepo ndiye pa nyung'unyu, ndipo sipali m'mbali pomwe ambiri timagwira ayi. Pali mkati ndithu, chakutsogolo. N'chifukwa chake nyung'unyu ikamatha, munthu amamva kuwawa m'mphechepeche, amavutika kuvala sokosi, ndipo ena amadandaula bondo pamene bondolo lilibe mlandu. Inu simunatchule zimenezi, choncho nyamakazi ya azakhali ndikuikayikira.

Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu inayi yotchedwa quadriceps. Yonse imakumana pa kafupa ka pabondo, ndipo ntchito yake ndi kuwongola bondo: poponda klatchi, podzuka pampando, pomenya mpira. Mkati mwa ntchafu muli ina yokokera miyendo pamodzi. Palinso sartorius, mnofu wautali kuposa yonse, wopyapyala ngati lamba, umene umadutsa ntchafu mopingasa. Dzinali ndi la Chilatini, lochokera ku mawu otanthauza telala, chifukwa cha kakhalidwe kopinda miyendo ka osoka zovala akale. Imeneyi sikukukhudzani, tiisiye.

Umene ukukukhudzani ndi wobisika, iliopsoas. Mbali yake ina imayambira pa mafupa a kumunsi kwa msana, n'kudutsa mkati mwa chiuno kukagwira kumtunda kwa fupa la ntchafu. Ndi umene umanyamula bondo mukamakwera m'kombi. Munthu akakhala pansi kuyambira mbandakucha mpaka usiku, mnofuwu umakhala wopindika tsiku lonse. Mwawaonapo madalaivala akamatsika pa Market Square, mapazi oyamba amayenda chowerama ngati agogo, kenaka n'kuwongoka.

Tsopano kumbuyo, komwe chala chanu chaloza. Anzanu ampira sananame kuti kuseri kwa ntchafu kuli hamstring. Ndi minofu itatu, ndipo imayambira pa fupa lomwe mumalimva mukakhala pa benchi youma, n'kutsika kukagwira kunsi kwa bondo. Koma hamstring ikang'ambika munthu amadziwa tsiku ndi ola lake. Amakhala akuthamanga, amamva ngati wina wamugenda ndi mwala, n'kuima pomwepo atagwira ntchafu, ndipo pakapita masiku nthawi zina pamada chifukwa cha magazi. Sichititsa dzanzi. Dzanzi ndi chiyankhulo cha mtsempha, osati wa magazi koma wonyamula mauthenga m'thupi.

Thako lili ndi minofu yosanjikizana. Wapamwamba, gluteus maximus, ndi waukulu kuposa yonse m'thupi, ndipo ndi umene umakukankhani pokwera chitunda. Pansi pake chakumbali pali gluteus medius ndi minimus, antchito osayamikidwa. Yesani izi: imani ndi mwendo umodzi kutsogolo kwa galasi, manja m'chiuno. Chiuno chikakhala chowongoka, iwowa ndi amene achigwira. Akafooka, mbali ya mwendo womwe mwanyamula imagwa, ndipo munthu amayenda mopendekeka. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza chizindikirochi mu 1895, ndipo mpaka lero chimatchedwa ndi dzina lake. Si ntchito yamasewera: poyenda, nyung'unyu imodzi imasenza kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu.

Mkati mwenimweni muli kamnofu kotchedwa piriformis, ndipo mwa anthu ambiri pansi pa kameneka m'pamene pamadutsa mtsempha wa sciatic. Mtsemphawu ndi waukulu kuposa yonse, pafupifupi ngati chala chachikulu. Umachokera kumunsi kwa msana, kudutsa m'thako, kutsika kuseri kwa ntchafu, n'kugawika pafupi ndi bondo kupita m'katumba ndi kuphazi. Werenganinso imelo yanu, muona kuti mwalemba njira yake ndendende. N'chifukwa chakenso anesi odziwa ntchito amabaya jakisoni kumtunda chakunja kwa thako, kuti aulambalale.

Pa intaneti mupeza anthu ambiri akuimba mlandu piriformis. Zimachitika, makamaka kwa okhalira chikwama cha ndalama m'thumba lakumbuyo. Koma kawirikawiri wolakwa ali kumtunda. Pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa, ndipo kamodzi kakatumphuka kamapanikiza muzu wa mtsempha. Msana utha kukhala chete, mwendo n'kumalira. Ngati ululu umalasa mukatsokomola, mukayetsemula kapena mukawerama, ndiye kuti maso alunjike kumsanako. Kukhala maola ambiri pa mpando wogwedera, m'misewu yathu yamaenjeyi, sikuthandiza.

Sindingakupimeni pa imelo, ndiye pitani kukiliniki akakuoneni. Chotonthoza n'chakuti ambiri amayamba kupeza bwino pakatha milungu 4 mpaka 6 popanda opareshoni. Kugona tsiku lonse kumangoumitsa thupi. Yendani pang'onopang'ono, chotsani chikwama m'thumba lakumbuyo, sendezani mpando kuti phazi lifike pa klatchi popanda kudzikoka, ndipo pamene mahwindi akuitanira anthu, inu tsikani muzungulire kombi kawiri m'malo mokhala pa chiwongolero.

Koma pali zina zosadikira mawa. Mkodzo kapena chimbudzi chikayamba kutuluka chokha kapena kukanika, m'mphechepeche mukachita dzanzi, phazi likayamba kukhwekhwereza pansi, kapena miyendo yonse iwiri ikafooka, thamangirani ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Gomo tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso ngati mukuonda, mukutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana, osati mapapo okha.

Mukapita, musakangoti chiuno. Kalozeni pomwe ululu umayambira, mutsetserese chalacho mpaka pomwe umathera, ndipo muwauze anesi ngati dzanzi limafika ku chala chachikulu cha phazi kapena ku kakang'ono. Zimenezo zimawasonyeza muzu umene wapanikizika. Mudzandilemberenso zomwe akakuuzeni.