Achemwali, chipinda chapansicho musachipake simenti

Achemwali ena andilembera imelo sabata yatha. Achita lendi shopu m'tauni ina yakale kumwera kwa England, pansi pake pali chipinda cha miyala chonunkha chinyezi, ndiye akufunsa ngati angachipake simenti ndi penti kuti azisungiramo ufa ndi mpunga. Nditawerenga ndinayamba ndaika kaye foni pansi, chifukwa tchimo limeneli ndinalichitapo ndi manja angawa.

Nditangofika kuno ndinkagwira ganyu kwa kontirakitala wina cha ku Sussex. Tsiku lina anatitsitsira m'chipinda chotere, cha denga lamiyala lokhota ngati uta, masitepe ake operepeseka pakati chifukwa chopondedwa zaka mazanamazana. Abwana anati, "Matani ponseponse, pasaoneke mwala." Ine ndinali wokandya matope, ndipo ndinakandya simenti yokhwima bwino kuti andione kuti ndimaidziwa ntchito. Patatha zaka ziwiri tinaitanidwanso. Pulasitala atatukumuka, ukagogoda akumveka kuti phwo, mchere woyera utatuluka m'ming'alu. Nditasenda pang'ono ndi chipande, mwala unatsatira pulasitalayo, kumafumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Mwala umene unakhala bwinobwino zaka zonsezo ife tinaupha m'zaka ziwiri.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti akale ankamanga ndi laimu. Laimu ndi wofewa, amalola madzi a m'nthaka kudutsa m'khoma n'kuuma ndi mpweya. Simenti imatseka njira. Madzi sabwerera kumene achokera, amangodzazana kuseri, n'kumakwera kufunafuna potulukira, mpaka amakapeza mitanda yamatabwa ya chipinda chapamwamba. Kwathu tinazionapo: khoma lomangira dothi mukalimata simenti, mvula ziwiri zitatu pulasitala amasendeka yense ngati khungwa.

Manyazi anandigwira kwenikweni nditapita ku Winchelsea, kufupi ndi Rye. Lero ndi kamudzi kachete, koma misewu yake ndi yowongoka, yodulana ngati anachita kuyeza ndi chingwe, ndipo anayezadi. Tauni yoyamba inali m'mphepete mwa nyanja, mafunde anaimaliza mu 1287. Mfumu Edward I inali italamula kale kuti amange yatsopano paphiri la Iham. Chuma chake chinali vinyo wochokera ku Gascony, dera la ku France limene nthawiyo linali m'manja mwa mfumu ya England. Mgolo umodzi waukulu unkalowa magaloni 252, malita pafupifupi 950. Katundu wotere simumukwezera m'mwamba, ndipo amafuna malo ozizira chaka chonse. N'chifukwa chake pansi pa kamudzi kameneka pali zipinda zoposa 30 zimene munthu angathe kulowamo mpaka lero.

Chimene chinandidabwitsa ndi khomo. Masitepe ambiri amatsika kuchokera mumsewu, osati m'nyumba, ndipo ndi otambalala. Zipinda zina denga lake lili ndi nthiti za miyala yosema bwino ngati m'tchalitchi. Ndani angawononge ndalama kukongoletsa nkhokwe? Ofukula zakale amati mwina munali mogulitsira, momwe wogula ankatsikira kukalawa vinyo n'kukambirana mtengo. Ine ndikugwirizana nawo. Wamalonda ndi wamalonda basi, shopu yake amafuna iwale. Kenako Afalansa anaukira tauniyo mu 1360, doko linadzaza mchenga, malonda anatha. Nyumba zambiri zapamwamba zinagwa, zina anamanganso patapita zaka zambiri, koma zapansi zinatsala. Ndiye mumapeza nyumba yooneka ya dzana itakhala pamutu pa chipinda cha m'ma 1300.

Ku Southampton nkhani ndi yomweyo. Nyumba ya pa 58 French Street anaimanga John Fortin, wogulitsa vinyo, cha m'ma 1290. Anthu anaisinthasintha mpaka kuiwala msinkhu wake, ndipo linali bomba la mu 1940 limene linasenda zophimba n'kuonetsa mafupa ake akale. Pankhondo yomweyo anthu a mumzindawo ankabisala mabomba m'zipinda zapansi za vinyo zija. Chinthu chapirira moto, mabomba ndi ulesi wa anthu, kenako kubwere ine ndi wilibala ya simenti! Ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima, makamaka ndi amisiri amene yankho lawo pa khoma lililonse lonyowa ndi kumata. Akudziwa bwino kuti chikamadzaphulika iwo adzakhala atadya kale ndalama.

Nanga mutani, achemwali?

Musakhudze khoma musanafufuze. Lembani adiresi ya shopuyo pa mndandanda wa pa intaneti wa Historic England, bungwe loyang'anira nyumba ndi malo akale ku England, ndi waulere. Ngati nyumbayo ili listed, kutanthauza kuti ili pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo, chitetezocho chimakhudza m'kati momwe, pansi pomwe, ndipo kusintha popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la 1990, ngakhale muli alendi chabe. Imbirani conservation officer, woona za nyumba zakale ku khonsolo, landilodi naye adziwe polemba. Tsegulani timawindo ta mpweya tija anthu amatseka ndi makatoni, onani ngati gatala kapena paipi yakunja sikuthira madzi m'tsinde mwa khoma, ndipo ngati pakufunika kukonza, pezani mmisiri wodziwa laimu.

Koma ufa musaikemo. M'menemo mwezi umodzi wokha uchita chuku n'kuumbika zibuma. Ikanimo mabotolo a Sobo, mafuta ophikira ndi zam'zitini, pa mashelefu otalikirana ndi khoma, zitinizo muziziyendera kuopa dzimbiri. Matumba a ufa ndi mpunga akhale pamwamba, pa mapaleti. Ndipo munditumizireko chithunzi cha dengalo ndi masitepe, ndione kumene akutulukira.